Ma shock a galimoto: mafunso amene abale athu a ku Joni amafunsa kawirikawiri

Pagalaja pamene ndimagwira ntchito, chakumwera kwa tawuni ya Johannesburg, Loweruka ndi tsiku la anthu akwathu. Amabwera a Uber ndi Bolt ochokera ku Rosettenville ndi Turffontein, amabwera onyamula katundu wa anthu kupita ku Blantyre ndi Lilongwe, amabweranso anyamata amene angogula ka Polo koyamba m'moyo mwawo ndipo akukasisita ngati khanda. Pa nkhani ya ma shock mafunso amakhala omwewomwewo, ndipo kuyankha uli chagada pansi pa galimoto, fumbi likugwera m'maso, sikukoma. Ndiye ndawaika pamodzi pano monga mmene anthu amawafunsira. Paja safunsa anadya phula.

Kodi shock si imene imanyamula galimoto?

Ayi achimwene, ndipo ndalama zambiri za anthu zimathera pa kusokoneza kumeneku. Imene imasenza kulemera kwa galimoto ndi spring, kaya ija yopotana imene ili pa Polo ndi Corolla, kaya zitsulo zosanjikizana zija zili kumbuyo kwa Hilux ndi Quantum. Tayala likakwera hampu, spring imafinyika, kenako imadziwongola. Koma spring payokha ilibe mwambo. Ikayamba kunjanja siidziwa posiyira, ndipo galimoto ikanakhala ndi ma spring okha bwenzi ikuvina kuchokera pa hampu ya pageti mpaka pamaloboti.

Shock ndiye nankungwi wa spring. Ndi chubu chachitsulo chodzaza oyilo, m'kati mwake muli pistoni yomangidwa ku ndodo yonyezimira ija mumaiona. Pistoniyo ili ndi timabowo ting'onoting'ono ndi mavalavu. Galimoto ikamakwera ndi kutsika, oyilo amakakamizidwa kudutsa m'timabowoto, ndipo sadutsa mwaufulu. Ganizirani kukankha phala lolimba kuti lidutse pa sefa. Mphamvu yonse ya kunjanja ija imasanduka kutentha, n'chifukwa chake mukayenda mtunda wautali pamsewu wafumbi wamabampu, shock imatentha moti dzanja silikhalitsapo.

Ambiri amaganiza kuti zonsezi n'zoti okwera azikhala mwawofuwofu. Ntchito yaikulu si imeneyo. Shock imaletsa tayala kudumphadumpha kuti likhalebe pa tara. Malo amene tayala lililonse limakhudza msewu ndi aakulu ngati chikhatho chanu basi, ndipo mabuleki ndi chiwongolero zimadalira zikhatho zinayi zimenezo. Tayala likakhala m'malere, ngakhale kwa kanthawi kochepa ngati kuphethira kwa diso, buleki yake siigwira kanthu.

Nanga ndidziwa bwanji kuti ma shock atha?

Apa ndi povuta, chifukwa shock siifa tsiku limodzi ngati batire. Imatha pang'onopang'ono, ndipo dalaivala amene amayendetsa galimoto yomweyo tsiku ndi tsiku amazolowera osadziwa kuti akuzolowera. Amayamba kuponda buleki msanga, amalowa pakona mozemba, pa N1 amagwira chiwongolero ndi manja awiri pamene kale dzanja limodzi linkakwana. Kawirikawiri amene amazindikira ndi mlendo. Alamu anu akabwereka galimoto n'kubwerako akuti "koma iyi ikuyandama ngati bwato la pa Nkhata Bay," musawakwiyire, akukuthandizani.

Mukaponda buleki mwamphamvu, mphuno ya galimoto imazyolika kwambiri, kumbuyo n'kunyamuka. Pakona yaitali, monga potuluka mu M1 kulowa mu M2, thupi lake limapendekeka kuposa kale. Mukadutsa hampu imanjanja kawiri katatu isanakhazikike. Lole ikakudutsani, kapena mphepo ikawomba cham'mbali, galimoto imasuntha yokha. Usiku magetsi amavina, ochokera kutsogolo n'kumakuthwanimitsirani poganiza kuti mwayatsa aakulu. Pa galimoto ya ABS, mabuleki aja oletsa matayala kuuma n'kutsetsereka, mumamva buleki ikunjenjemera kuphazi pamalo amabampu ngakhale simunaponde kwambiri, chifukwa tayala likungochoka pansi.

Mboni imene siinama ndi tayala. Yendetsani dzanja pamwamba pake mozungulira. Mukamva zigwa ndi zitunda motsatizana, apa padyeka apa sipanadyeke, tayalalo lakhala likumenya msewu ngati mpira. Limayambanso kulira chapansipansi mukathamanga, ndipo anthu ena amasintha bearing yabwinobwino chifukwa cha phokoso limeneli. Tayala losachitidwa balancing limathanso kudyeka choncho, ndiye zonse ziwiri ziyang'anidwe.

Kuno kulinso mvula ya masana ija yoyamba mu Okutobala mpaka Malichi, imene imagwa ngati akuthira ndi ndowa, madzi n'kuima pamsewu. Tayala limene likudumphadumpha limayamba msanga kutsetsereka pamwamba pa madzi, ndipo pamenepo chiwongolero chimangokhala chokongoletsa.

Ndinamva kuti ungokankha galimoto pansi n'kuisiya, ikanjanja ndiye kuti shock yatha. N'zoona?

N'zoona theka. Tsamirani pakona imodzi ya galimoto ndi thupi lonse, kankhani pansi, siyani. Yabwino imakwera kamodzi n'kukhazikika. Ikapitiriza kunjanja, shock imeneyo inafa kalekale. Koma shock imene yatha pang'ono imapambana mayeso amenewa mosavuta, chifukwa mphamvu ya munthu ndi yochepa poyerekeza ndi ya dzenje la pamsewu. Bakkie ngati Hilux ndiye simungaikankhe n'komwe. M'malo ena osinthira matayala muli makina amene amagwedeza tayala lililonse n'kutulutsa pepala. Pa pepalalo yang'anani kwambiri kusiyana kwa kumanzere ndi kumanja. Kukakhala kwakukulu, nkhani ilipo.

Ndaona oyilo pa shock. Ndisinthe lero lomwe?

Kachinyezi kopyapyala pamwamba pa chubu, kamene fumbi lamatirira, si kufa. Ndodo ija imatuluka ndi kaoyilo pang'ono kuti labala wotsekera asaume. Pukutani, yendani sabata, muyang'anenso. Koma oyilo akatsetsereka mpaka pansi, chubu chonse chanyowa kapena chikudontha, ndiye kuti labalayo wang'ambika. Oyilo akamatuluka, pistoni imayamba kukankha mphepo. Imeneyo yapita.

Kutsogolo kukugogoda ndikadutsa pamabampu. Ndi shock?

Mwina, koma musathamangire kugula. Nthawi zambiri "gugu gugu" ameneyo amachokera ku zinthu zotchipa: tindodo ta stabiliser, mabushi a control arm, ball joint, tie rod end, kapena labala wapamwamba pamene shock imamangirira ku thupi la galimoto. Phokoso la "ta ta ta" pokhota mwapinda chiwongolero chonse ndi CV joint, shock ilibe mlandu. Makaniko woona mtima amakweza galimoto, amagwedeza tayala, amapana apa ndi apo ndi chitsulo, n'kukuitanani kuti muone nokha chimene chikusewera. Amene wangomva phokoso m'kamwa mwanu n'kunena mtengo asanagwade n'komwe, ameneyo akugulitsa, sakukonza.

Shock imatha pakapita makilomita angati?

Opanga ambiri amalangiza kuziyang'anitsa pa makilomita 20,000 aliwonse, ndipo pofika cha m'ma 80,000 amati muyambe kuganiza zosintha. Manambala amenewa ndi chikumbutso chabe. Galimoto imene imangoyenda pa N1 pakati pa Midrand ndi Sandton ingapitirire pamenepo ili bwinobwino. Ya Bolt imene imakhalira kukwera mahampu a ku Tembisa, Alexandra ndi Cosmo City, anthu anayi kumbuyo ndi kutsogolo, n'kumagweranso m'maenje a m'tawuni, siifika. Oyendetsa Uber ndi Bolt amayenda m'chaka chimodzi mtunda umene wa kuofesi amayenda m'zaka zingapo, ndiye kwa iwo ndimati nthawi iliyonse akusintha oyilo wa injini, makaniko asuzumirenso pansi.

Yatha ndi imodzi yokha. Bwanji mukundiuza kuti ndigule awiri?

Ndikudziwa, malendi akudikira ndipo kumudzi ayimba kale za feteleza. Koma shock yatsopano kumanzere ndi yotopa kumanja zimapangitsa galimoto kugwira msewu mosiyana mbali ziwirizo. Poponda buleki mwadzidzidzi imakokera mbali imodzi, ndipo pakona yakumanja imachita zina, yakumanzere zinanso. Sinthani awiri akutsogolo pamodzi, kapena awiri akumbuyo pamodzi, a mtundu umodzi. Onse anayi nthawi imodzi sikuti n'kokakamiza. Ngati ndalama yachepa, yambani ndi mbali imene yatha kwambiri, inayo mwezi wamawa.

Chifukwa chiyani akutsogolo amadula kuposa akumbuyo?

Pa magalimoto ang'onoang'ono ambiri amene tili nawo kuno, monga Polo Vivo, Corolla Quest, Etios ndi Swift, kutsogolo kuli chimene timatcha strut. Dzina lake lonse ndi MacPherson strut, kuchokera kwa injiniya wa ku America, Earle MacPherson, ndipo inatchuka ndi Ford Consul ya mu 1950. Apa shock ndi spring zili pamodzi, ndipo strut yomweyo ndi mwendo umene ukugwira tayala pamalo pake ndi kuzungulira mukamakhota. Ndi yokhuthala, ili ndi bearing pamwamba, ndipo poisintha pamafunika kumasula zambiri ndi kufinya spring. Kumbuyo kwa Polo shock ili payokha, spring payokha: mabawuti ochepa, ntchito yatha.

Pamene strut yatsitsidwa kale, musaumire pa tizinthu ting'onoting'ono. Labala wapamwamba ndi bearing yake, bump stop (kalabala koletsa shock kugunda pamapeto ake), ndi kachikuto koteteza ndodo ku fumbi zikaoneka zotopa zisinthidwe nthawi yomweyo. Kachikutoko kakang'ambika, mchenga umakanda ndodo, ndodo yokandika imadya labala wotsekera oyilo, ndipo shock yanu yatsopano imayamba kudontha chaka chisanathe. Mudzalipiranso kawiri ntchito imodzi.

Ndigule a gasi kapena a oyilo?

Onse ali ndi oyilo. Amene amatchedwa a gasi anawonjezeredwa mpweya wa nayitrojeni wopanikizidwa. Shock ikagwira ntchito kwambiri n'kutentha, oyilo amachita thovu, ndipo thovu limadutsa m'timabowo tija mosavuta, galimoto n'kuyamba kuyandama. Mpweyawo umapanikiza oyilo kuti asachite thovu. Nzeru imeneyi inachokera kwa Mfalansa wina, de Carbon, ndipo kampani ya Bilstein inayamba kuiika pa magalimoto a Mercedes-Benz mu 1957. Lero magalimoto ambiri amatuluka kufakitale ali kale ndi a gasi. Galimoto yanu ikakhala yotero, bwezeraniponi a gasi. Sabata yoyamba mudzaona ngati galimoto yauma, koma ndi thupi lanu limene linazolowera bwato.

Pali anyamata amene amati amakonza ma shock, amathira oyilo ndi gasi watsopano pamtengo wochepa. Nanga a ku scrapyard?

Ma shock a magalimoto wamba amawotcherera kufakitale, sanapangidwe kuti azitsegulidwa. Amene amati akukonza amaboola chubu, amathira oyilo amene ali naye pafupi, amapopera mpweya, n'kutseka bowolo. Poikankha ndi manja imamveka yolimba, inu n'kukondwa. Koma mavalavu otha aja ali momwemo, labala wotsekera ndi yemwe uja, ndodo yokandika ndi yomwe ija. Masabata angapo oyilo wathawanso. Alipo ma shock odula amene anapangidwa kuti azimasulidwa ndi kukonzedwa, monga ena a mpikisano, a 4x4 ndi a njinga zamoto zazikulu, ndipo amenewo amapita kwa akatswiri okhala ndi zida zake. A Polo Vivo sali m'gulu limenelo.

Ku scrapyard ine ndimagulako chitseko, bampala, galasi, nthawi zina ngakhale giyabokosi. Shock ayi. Simudziwa kuti yayenda mtunda wanji, ndipo galimoto imene yachokerako inafika kumeneko chifukwa cha ngozi. Ndodo ikhoza kukhala yopindika pang'ono mosaoneka. Bambo wina wachikulire wa kwathu, amene amagwira ntchito ya m'dimba kumpoto kwa mzinda uno, anandibweretsera awiri amene anagula pa shopu ina, akuda bii, onyezimira, m'katoni. Nditakanda ndi chikhadabo, penti inali isanaume bwino, pansi pake pali dzimbiri. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Lisiti analibe, ndipo atabwererako anamuuza kuti sakumudziwa.

Ndiye ndigule ati, ndipo kuti?

Mayina odziwika kuno ndi Gabriel, Monroe, KYB, Sachs ndi Bilstein. A 4x4 amakondanso Old Man Emu ndi Ironman. Amapezeka m'mashopu a zipangizo monga Midas, AutoZone ndi Goldwagen, komanso m'malo omangira monga Supa Quick ndi Hi-Q. Mashopu ang'onoang'ono a mu Jules Street ndi m'makwalala ena alinso ndi katundu, wabwino ndi woipa ali pashelefu imodzi, ndiye maso akhale anu. Tengani nambala ya chassis, yotchedwa VIN, imene ili pa disiki ya laisensi pagalasi lakutsogolo, chifukwa "Polo" yokha si dzina lokwanira. Onani kuti nambala ya pakatoni ndi imene yadindidwa pachitsulo. Funsani mitengo m'malo atatu, ndipo pofunsa muuzidwe ngati mtengowo ukuphatikiza kumanga ndi alignment, kuwongola matayala kuti aloze bwino. Mtengo ukatsika modabwitsa pa dzina lalikulu, dabwani ndithu. Lisiti musalisiye.

Mu Disembala ndikupita kumudzi. Bakkie ikadzaza imakhala pansi kumbuyo. Ndiike ma shock olimba kuti inyamuke?

Ili ndiye funso limene limandisowetsa tulo chaka chilichonse. Bwana, shock siinyamula katundu. Mukaika yolimba chotani, bakkie yodzaza mafiriji, matiresi, njinga, masola ndi zikwama za shangani mpaka pamwamba idzakhalabe pansi, chifukwa amene agonja ndi ma spring.

Taonani zimene zimachitika pansipo. Spring yaphwatalala, ekiselo yatsamira pa bump stop, shock yafinyika mpaka pafupi ndi mapeto ake. Dzenje lililonse limene mwagweramo, nkhonya yake ikupita molunjika ku shock ndi ku thupi la galimoto. Labala wotsekera oyilo amaphulika, kapena khutu lomangirapo shock limathyoka. Kutsogolo nako kwapepuka, matayala okhotera ndi amene amagwira buleki kwambiri sakuponda bwino, magetsi aloza kumitengo. Ndipo ulendo wake si wa pafupi: N1 mpaka Musina, kuwoloka pa Beitbridge, Masvingo, Harare, Nyamapanda, Tete, Zobue, kenako Mwanza ndi Blantyre, makilomita oposa 1,700. Muli zigawo zabwino, mulinso zamaenje, ndipo dzuwa la ku Musina ndi ku Tete mu Disembala mukulidziwa. Shock yotha kale ikatentha chonchi imangosiya ntchito, ngolo imene mukukoka kumbuyo n'kuyamba kugwedeza mchira.

Chochita chili pa disiki ya laisensi. Pali manambala awiri, GVM ndi Tare. GVM ndi kulemera konse kumene galimoto imaloledwa kufika, Tare ndi kulemera kwake ili yopanda kanthu. Mukachotsera, chotsalacho ndi chimene mungakweze, kuphatikizapo inuyo, okwera nawo ndi mafuta. Katundu wolemera akhale pansi, kufupi ndi kumutu, osati kuseri kwa matayala akumbuyo. Pa ngolo, wolemera akhale pamwamba pa ekiselo ndi kutsogolo kwake pang'ono. Akachuluka kumchira ngolo imavina. Popani matayala kufika pa mlingo wa katundu umene unalembedwa pa kapepala ka pachitseko kapena pa chivundikiro cha mafuta.

Ena amawonjezera chitsulo china pa ma spring, kapena matumba a mpweya othandizira. Bakkie imaimadi chilili, koma GVM ya pa disiki siisintha, ndipo ekiselo, ma bearing, matayala ndi mabuleki ndi omwe aja. Pa sikelo ya ku Mantsole pa N1 sayang'ana kuti galimoto yaima mokongola, amayang'ana nambala. Ma shock amphamvu ali ndi ntchito yawo kwa munthu wonyamula katundu nthawi zonse, chifukwa amapirira kutentha ndipo amagwira spring yolemedwa bwino. Koma muwaike pamwamba pa ma spring amoyo, ndi katundu wa mlingo.

Chinanso: musabwere nayo madzulo a tsiku lonyamuka. Sinthani kukadali masabata awiri, muyende nayo m'tawuni, tidzaonenso mabawuti musanalunjike ku Limpopo.

Ndingasinthe ndekha pakhomo?

Akumbuyo amene ali paokha, monga a Hilux kapena Polo, munthu wodziwa kugwira sipanala angathe. Galimoto ikhale pamalo athyathyathya ndiponso pa zitsulo zochirikizira, osati pa jeke yokha, osatinso pa njerwa. Shock yatsopano muiimike chilili n'kuipopa kangapo musanaimange kuti oyilo akhazikike pamalo pake. Ndodo yonyezimira musaigwire ndi pulayala. Kachipsera kamodzi kakwanira kupha shock. Mabawuti odutsa m'mabushi muwamange komaliza galimoto itatsitsidwa, kulemera kwake kuli pa matayala, apo ayi labala amakhala wopotoka ndipo amang'ambika msanga.

Strut yakutsogolo ndi nkhani ina. Spring imene ili mmenemo yafinyidwa ndi mphamvu yonyamula kona yonse ya galimoto, injini ili momwemo. Mukamasula nati yapamwamba musanaigwire ndi chida chofinyira spring, imatuluka ngati chipolopolo. Ndinaona ndi maso anga mnyamata wina atamanga spring ndi waya ndi lamba, akuti kumudzi amatero. Inaphonya nkhope yake pang'onong'ono n'kukaboola lata la shedi. Tonse tinangoti zii, iye miyendo ili njenjenje. Ngati mulibe chidacho, tsitsani strut yonse osaimasula, mupite nayo kugalaja akakusinthireni pamenepo.

Alignment ndi yofunikadi, kapena angofuna kundidyera?

Mukasintha ma strut akutsogolo, chitani. Mwendo wogwira tayala wamasulidwa, ndipo kusuntha pang'ono kumadya tayala mbali imodzi. Mukangosintha akumbuyo amene ali paokha, kawirikawiri palibe chasuntha.

Galimoto ingalephere roadworthy, mayeso oona ngati ndi yoyenera kuyenda pamsewu, chifukwa cha ma shock?

Inde. Shock yodontha, yomasuka, yothyoka kapena yosowa imagwetsa galimoto pa mayeso. Kuno satifiketi imeneyi imafunika galimoto ikamasintha mwini, ndipo ma taxi ndi malole amayesedwa chaka chilichonse, mabasi miyezi 6 iliyonse. Mukamagula galimoto yakale, gwadani musuzumire ma shock musanapereke ndalama. Mukaona kuti atsukidwa mwapadera pamene pansi ponse pali fumbi, dzifunseni chimene akubisa.

Andimangira ma shock, mwezi sunathe ayamba kugogoda. Ine ndine mlendo m'dziko muno, ndingadandaule?

Mungathe, mayi. Lamulo loteteza ogula la dziko lino, Consumer Protection Act la mu 2008, limateteza wogula, silifunsa kumene anabadwira. Limati wokonza akuuzeni mtengo ndipo muvomereze asanayambe ntchito. Limati chipangizo chatsopano kapena chokonzedwanso chimene wamanga, pamodzi ndi ntchito yomangayo, zili ndi chitsimikizo cha miyezi 3, kapena kupitirira ngati analemba choncho. Limatinso zipangizo zakale zimene wachotsa ndi zanu, akubwezereni. Opanga ma shock odziwika amaperekanso chitsimikizo chawo chotalikirapo, koma amafuna lisiti, ndipo salipira ngati shock yafa chifukwa cholemetsa galimoto kapena kumanga molakwika.

Yambani kubwerera kwa amene anamanga, mwaulemu, lisiti lili m'manja. Nthawi zambiri imakhala nati yosamangitsa. Akakana, dandaulo limapita ku ofesi yomva madandaulo a zamagalimoto, Motor Industry Ombudsman of South Africa. Ngati galimoto yanu ikadali pa warranty, dziwaninso kuti kuyambira pa 1 Julayi 2021 malangizo a Competition Commission, bungwe la boma loona za mpikisano pa malonda, amalola kukonzetsa ku galaja yoima payokha popanda warranty yonse kufa, ngakhale kuti chimene chaonongeka chifukwa cha ntchito ya galajayo wopanga galimoto sachilipira.

Ndagwera m'dzenje, shock ndi limu zapindika. Alipira ndani?

Zimatengera mwini msewu. Misewu ya m'mzinda ili m'manja mwa Johannesburg Roads Agency, misewu ikuluikulu ya dziko ngati N1, N3 ndi N12 ndi ya bungwe la misewu la SANRAL, ina ndi ya boma la chigawo cha Gauteng. Jambulani dzenjelo ndi malo ozungulira kuti adziwike, jambulani zoonongeka, lembani tsiku ndi nthawi, sungani mapepala a mitengo yokonzera. Dandaulo lolembedwa lifike pasanathe miyezi 6. Pamafunika kuleza mtima, ndipo galimoto siingadikire yankho, ndiye konzani, malisiti musunge. Ngati muli ndi inshuwalansi yokwanira, afunseninso iwo.

Ndikufuna kutsitsa Polo yanga kuti izioneka bwino. Ndingodula ma spring?

Iwe mphwanga, usadule. Spring yodulidwa siikhazikika bwino pampando wake, ndipo shock imatsala ndi kampata kochepa koyendamo, ndiye hampu iliyonse imaigunditsa pansi. Ngati mtima wakana kumva, gula ma spring otsitsira amene anapangidwira galimoto imeneyo pamodzi ndi ma shock ake aafupi, uwauzenso a inshuwalansi. Koma uyambe wawerenga mahampu a mumsewu wa kwanu.

Achimwene kumudzi andituma ma shock a Sienta. Ndigule kuno?

Chenjerani. Kumudzi kwadzaza magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito ochokera ku Japan, monga Sienta, Vitz, Passo ndi Freed. South Africa salola kuti magalimoto otere azilowa ndi kulembetsedwa mwachisawawa, ndiye ambiri a iwo mashopu akuno sawadziwa. Wogulitsa angakuuzeni kuti Vitz ndi Yaris yomwe, ndipo nthawi zina zimagwirizanadi, koma chaka ndi mtundu wa chassis zikasiyana, mabowo sakumana. Auzeni achimwene akutumizireni pa WhatsApp nambala ya chassis, chithunzi cha shock yakale yonse, ndi nambala yodindidwa pachitsulo chake. Zikapanda kugwirizana ndendende, atumizireni ndalama akagule ku Limbe kapena ku Lilongwe, kumene zipangizo za magalimoto amenewa zili mbwee. Za Hilux, Isuzu, Ford Ranger ndi Polo ndiye kuno n'kwawo. Lisiti liyende ndi katunduyo, a MRA pachipata cha Mwanza kapena Dedza adzalifuna.

Ma shock akale ndichite nawo chiyani?

Choyamba atengeni, muwaone. Ndi umboni woti asinthidwadi, ndipo mukakankha ndodo n'kuona ikulowa ndi kutuluka ngati mulibe kanthu, mudzamvetsa chimene munkayendera. Kenako apite kwa ogula zitsulo zakale, kapena muwasiye pagalaja akatayidwe pamodzi ndi oyilo wakutha. M'kati mwa a gasi mumakhala mukadali mpweya wopanikizidwa ngakhale shock itatha, ndiye musawadule ndi grinder, musawawotcherere kuti mupange mpando kapena chotsekera geti, ndipo m'nyengo yozizira ya Juni muwauze ana asawaponye pa mbaula, chifukwa akatentha amaphulika.